Chingwe cha ku Dziwe la Amuna

Achimwene anga anadziwa kusambira asanadziwe kugwira khasu. Amayi ankawaseka kuti mwana ameneyu anabadwa ndi mamba a nsomba, kungoti mambawo anamerera m'kati. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zingapo, aatali, oonda, aulesi pa ntchito iliyonse ya pamtunda. Uwatume kukatema nsungwi, abwera dzuwa litapendeka, nsungwi palibe, maso ali psuu ndi madzi. Ine zinkandipsetsa mtima chifukwa ntchito zawo zambiri zinkagwera ine, koma ndinkawanyadira mobisa.

Mudzi wathu unali m'tsinde mwa mapiri, kufupi ndi Mua, pamene mtsinje umatsika kuchokera kumtunda n'kuyamba kuyenda mwaulesi kulowera kunyanja. Kumeneko dzuwa la Okutobala silichita nthabwala. Thonje likatha, minda itasosedwa, ntchito inkachepa, ndipo aliyense amene anali ndi miyendo ankathawira kumadzi.

Mtsinjewo unagawidwa patatu. Kumtunda, pansi pa mathithi, kunali dziwe la amuna, lozama, lozunguliridwa ndi nsungwi ndi mkuyu waukulu umene mizu yake inkakwawa pamiyala. Panali mwala wina wosalala umene anyamata ankatsetserekapo ndi matako mpaka chubwi m'madzi. Chakumunsi kunali dooko lathu la akazi, la madzi olekeza m'chiuno, kumene tinkachapa, kusewera chipako ndi kuomba madzi ndi manja kuti alire ngati ng'oma. Kumunsi kwenikweni, kuseri kwa mabango, kunkachapa anthu odwala khate amene ankakhala kwaokha. Kumeneko sikunkafika munthu wa m'mudzi.

Panali lamulo limene ngakhale mwana wamng'ono ankalidziwa. Ukayandikira malo osambira a anthu ena, uime patali n'kufuula kuti, "Kumadziko!" Akayankha kuti "Dikirani!" udikire, kaya dzuwa likuwotcha bwanji. Akati "Dutsani!" ndiye udutse maso ali pansi. Koma mkazi kukaponda padziwe la amuna penipenipo, eni ake ali m'madzi, zinali zosamveka n'komwe.

Ine dziwelo ndinalidziwa ndili kamwana, pa msinkhu uja anthu sakuwerengera kuti ndiwe mkazi. Achimwene ankandibereka mpaka kumeneko n'kundikhazika pamizu ya mkuyu kuti ndiwasungire malaya. Anali ndi nsangalabwi yawo yoyera, yaikulu ngati dzira la bakha, imene ankayenda nayo kulikonse. Ankaiponya pozama penipeni, pamene madzi amagwera, n'kuuza anzawo kuti akaitenge. Anyamata ankabira mmodzimmodzi n'kuvuuka chimanjamanja, akutsokomola, makutu akuwawa. Kenako achimwene ankaima pamwala, n'kudzinyadira kaye pang'ono, poti matama analipo ndithu, n'kulowa m'madzi mopanda ngakhale phokoso. Tinkadikira mpaka mitima kuyamba kugunda. Ndiye linkayamba kutulukira ndi dzanja, nsangalabwi ili m'mwamba, mutu n'kubwera pambuyo.

Matenda anawapeza nthawi ija akuluakulu ankangokhalira kukangana za boma la Chitaganya pansi pa mitengo. Abambo anali ku Joni, ndipo pakhomo tinali atatu: amayi, achimwene ndi ine. Tsiku lina tikutola thonje, ndinangomva khu! kumbuyo kwanga. Achimwene anali pansi, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka, thovu likutuluka m'kamwa. Anthu amene tinali nawo m'mundamo anabalalika ngati aona njoka. Amayi okha ndiwo anagwada pambali pawo, koma ngakhale iwo anatembenuzira nkhope kumbali.

Anali matenda a khunyu. Kwathu aliyense ankadziwa, kapena ankati akudziwa, kuti wakhunyu akagwa sakhudzidwa. Thovu lake likakugwera, watenga. Akaphwisa iwe uli pafupi n'kupuma mpweyawo, watenga. Ankanena zimenezi ndi anthu amene anali asanaonepo ngakhale munthu mmodzi wotengera matendawo mwa njira imeneyo, koma ankanena motsimikiza ngati anachita kuuzidwa ndi Mulungu. Amayi anayenda nawo kwa asing'anga a ku Golomoti, amene anawatema mphini mpaka msana wonse unadzaza. Anapitanso nawo kuchipatala, kumene anawapatsa timapiritsi toyera. Kugwako kunachepa koma sikunathe, ndipo kunkabwera mosagogoda.

Anawapatsa mbale yawoyawo ndi chikho chawochawo. Sukulu anasiya. Amayi anaika malamulo atatu: asayandikire moto, asakwere mumtengo, asalowe m'madzi. Awiri oyambawo achimwene anawalandira ndi manja awiri, pajatu kutentha tchire ndi kuthyola bwemba sizinali zawo. Lachitatulo ndilo linawadula miyendo. Madzi ndiwo anali chinthu chokha chimene ankaposa nacho anzawo, ndipo tsopano madzi omwewo akanatha kuwapha tsiku lina lililonse. Tonse atatu tinkadziwa zimenezi ndipo tinkagona nazo, kudzuka nazo. Chilimwe chathunthu chinadutsa iwo akusamba m'beseni kuseri kwa nyumba, nsangalabwi ija ili m'thumba la kabudula.

Chaka chotsatira dzuwa linawomba mopanda chisoni. Linali Lamulungu, ndipo titachoka ku Misa mudzi wonse unatsikira kumtsinje, ena atanyamula nzimbe, ena malambe. Amayi anali atapita kukazonda matenda kumudzi wina. Achimwene ndinawasiya pakhonde akuluka mkeka, ntchito imene ankadana nayo kuposa ina iliyonse.

Zimene zinachitika kumtunda ndinazimva pambuyo pake. Kunabwera anyamata a ku Mtakataka, ana a asodzi, kudzaona dziwe lathu. Atalowamo anayamba kunyoza kuti anthu a kumapiri amasamba m'zithaphwi, sadziwa madzi. Anyamata a kwathu zinawapweteka, koma pakati pawo panalibe woti n'kuwatseka pakamwa alendowo. Ndiye anathamangira kunyumba kwathu. Anzawo omwe aja amene sankafuna kumwera chikho chimodzi ndi achimwene ndiwo anakawanyengerera kuti abwere, kamodzi kokha, adzaonetse anthu a kunyanja mmene amabirira amuna. Achimwene sanachite kuuzidwa kawiri. Anapita ndi nsangalabwi yawo n'kukaiponya pozama paja.

Ine ndinali kudooko ndi atsikana anzanga. Phokoso la kudziwe la amuna tinalizolowera, koma tsiku limenelo linakula, kunali mluzu ndi kuwomba m'manja. Kenako kunangoti zii. Ndinasiya kuchapa n'kutchera khutu. Posakhalitsa anyamata anatulukira m'njira akuthamanga, makabudula ali m'manja, osafuula ngakhale "Kumadziko". Azimayi anakuwa n'kukhala pansi m'madzi. Mmodzi wa anyamatawo anafuula osaima n'komwe.

"Wagwa! Wakhunyu uja wagwera m'dziwe!"

Wakhunyu m'mudzi mwathu anali mmodzi. Ndinatuluka m'madzi n'kuliyatsa liwiro kulowera kumtunda. Kumbuyo ndinkamva azimayi akundiitana.

"Iwe mtsikana! Kuli amuna kumeneko! Wapenga kodi?"

Miyala inkawotcha kumapazi, minga inkandikoka nsalu. Sindinaime kuti ndifuule chilichonse, ndinangotulukira padziwepo. Amuna ndi anyamata anali ataima pamiyala mozungulira, ena ali maliseche, manja ataphimba kutsogolo. M'madzi munalibe munthu wina koma achimwene okha. Anali chafufumimba, nkhope ili m'madzi, miyendo ikukankha mosalongosoka, madzi akuwazunguza pang'onopang'ono pafupi ndi pogwera mathithi. Amuna aja atandiona anakuwa. Sanakuwe chifukwa cha munthu amene ankamira pamaso pawo, anakuwa chifukwa mtsikana wawaona ali maliseche. 

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anali pomwepo. Anali atagwira nsungwi yaitali, akuyesa kukokera nayo achimwene kumtunda iwo ali pouma. Nsungwiyo inkangowakankhira kozama.

"Amalume, lowani muwatenge!" ndinakuwa.

"Bwerera, mwana iwe!" anatero amalume. "Madziwa aipa kale. Ukufuna amayi ako akhale ndi ana awiri akugwa?"

"Akufa, amalume!"

"Tidikire kaye zimusiye. Zikamusiya timutenga."

Zikamusiya! Ngati kuti madzi nawonso anali atavomera kudikira.

Kusambira sindinkadziwa. Ndikanadziwira kuti, madzi athu olekeza m'chiuno aja? Ndinalowa choncho ndi nsalu yanga. Madzi anafika pachifuwa, anafika m'khosi, kenako phazi linasowa poponda. Ndinamira, ndinamwa madzi, ndinagunda mwala ndi phazi n'kudzikankhira m'mwamba. Nditavuuka ndinaona mwendo wa achimwene pafupi, ndinaulephera, ndinamiranso. M'maso munali mdima ndipo pachifuwa pankatentha. Ndikuphiriphitha choncho, dzanja langa linagunda chidendene chawo. Ndinachigwira, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti kaya tifera limodzi, chidendene chimenechi sindichisiya.

Nsungwi ya amalume inandigunda paphewa ndipo ndinaigwira ndi dzanja linalo. Anakoka. Pamenepo sindingawanamizire, anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Koma nditangofika poti ndikutha kuponda, anaitaya nsungwiyo n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinaima pa kamwala ka pansi pa madzi, madzi ali m'khosi. Ndinawatembenuza achimwene n'kutsamiritsa mutu wawo paphewa langa kuti mphuno ikhale kunja. Thovu lija anthu ankaliopa linkayenderera m'khosi mwanga, lofunda. Kutsogolo kwanga kunali mwala wotsetsereka, woterera ndi ndere, woti ndekha sindikanatha kukwezapo munthu. Achimwene anali oonda, koma m'madzimo ankalemera ngati thumba la chimanga, ndipo mapazi anga ankaterereka pang'onopang'ono kubwerera kozama.

Ndinayamba kuwatchula mayina anthu aja mmodzimmodzi. Ndinatchula uja ankadya kwathu nthawi ya njala. Ndinatchula uja achimwene anamuphunzitsa kusambira atamugwira pamimba. Ndinatchula amene anakawatenga kunyumba tsiku lomwelo. Ndinawapempha m'dzina la Mulungu, ndinawatukwana, ndinawapemphanso. Wina ankayang'ana m'mwamba, wina ankalira, wina anaphimba mphuno ndi malaya. Palibe anasuntha. Sindinakhalepo ndekha ngati mmene ndinalili pamenepo, pakati pa khamu la anthu amene ndinkawadziwa onse. Mikono inayamba kuchita dzanzi, ndipo ndinadziwa kuti posachedwa ndiwasiya, osati mwakufuna.

Ndiye kumbuyo kwa amuna aja kunamveka mawu a munthu wamkazi.

"Patukani."

Anapatuka msanga kuposa mmene ndinaonerapo amuna akupatukira munthu. Anali mayi wina wa kumabango kuja, wodwala khate, amene ndinkangomuonera patali akuchapa. Anali atamva kukuwa kwa anyamata aja ndipo anabwera m'mbali mwa mtsinje, mapazi atakulunga m'sanza. Sanayang'ane munthu. Anakhala pansi pamwala, anatsetsereka mpaka madzi kufika m'mawondo, n'kupondetsa chidendene pamuzu wa mkuyu.

"Mukankhire kuno, mwanawe," anandiuza. "Ine zala ndilibe, koma mikono ilipo. Iwe ugwire miyendo."

Anakolowetsa mikono yawo m'khwapa mwa achimwene n'kugonera chagada. Ine ndinakankha ndi mutu, ndi mapewa, ndi chilichonse chimene chinatsala. Tinawatulutsa pang'onopang'ono mpaka pouma. Kugwedezeka kuja kunali kutasiya. Anali lende, milomo itatuwa, osapuma. Amayi aja anawagoneka chammbali n'kuyamba kuwasindikiza kumsana ndi chigongono. Madzi anatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, koma mpweya ayi. Ndinawagwedeza, ndinawamenya pachifuwa, ndinakuwa m'khutu mwawo kuti adzuke, amayi akafika ndiwauza chiyani. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti watha. Amayi a kumabango aja sanasiye, ankangosindikiza, thukuta lili kamukamu.

Kenako achimwene anatsokomola. Anatsokomolanso, anasanza, anakoka mpweya ndi phokoso loipa, ndipo ine ndinakhala pansi pamwala.

Panapita nthawi achimwene asanadziwe pamene ali. Amayi aja anawafunditsa nsalu yonyowa imene ankachapa. Achimwene atatsegula maso anayang'ana ine, anayang'ana dziwe, kenako anatambasula dzanja lawo lamanja. Munalibe kanthu.

"Nsangalabwi yanga ili kuti?" anafunsa.

Ndikanawamenya mbama pomwepo, kungoti mphamvu ndinalibe.

"Ine ndilekeza pano," anatero amayi aja akudzuka. "Kumudzi kwanu sindingafike. Muyende naye pang'onopang'ono." Anabwerera kumabango kwawo, amuna aja akuwapatukiranso. Ife tinayenda awiriwiri mpaka kunyumba, achimwene atanditsamira, ndipo aliyense amene tinakumana naye ankalowa patchire kuti tidutse.

Amayi atabwera anali atamva kale m'njira. Anandimenya mbama imodzi yamphamvu, kenako anandikumbatira mpaka nthiti kuwawa. M'mawa mwake amalume anabwera n'kuima pabwalo, osalowa m'nyumba, n'kunena kuti mtsikanayu nayenso apatsidwe chikho chake. Ndinali nditakhudza khunyu ndi khate tsiku limodzi, komanso nditaona amuna a m'mudzi ali maliseche. Atsikana anzanga anasiya kundiitana popita kunkhuni. Ndikafika pachitsime, mitsuko inkasunthidwa. Mudzi wonse unkandiyang'ana, kudikira tsiku loti ndigwe. Ena anamwalira akudikirabe. Ine pano ndakalamba, mano atha, ndipo ndinagwapo kamodzi kokha, panjinga ya mwamuna wanga.

Dziwe lija anthu analisiya. Ankati thovu la achimwene lili m'madzimo ndipo silichoka mpaka mvula idzatsuke. Amuna anasamukira kumtunda kwa mathithi, kopanda ngakhale malo obirira, akazi nawonso anakapeza kwawo kutali, ndipo onsewo ankatidandaula ife ngati tinachita dala.

Koma vuto lenileni linali m'nyumba. Amayi anayamba kuwatsekera achimwene. Tikamapita kumunda ankamanga chitseko ndi luzi chakunja. Achimwene sanakangane nawo, sanagwedeze chitseko ngakhale kamodzi. Anangogona pamkeka, nkhope atalozetsa kukhoma, n'kusiya kudya. Poyamba tinkati ndi manyazi, zitha. Masiku anapita. Amayi anasinthanitsa mapira ndi chambo kwa anthu a kunyanja, anawotcha bwinobwino, koma nsombayo inaumira m'mbale. Nthiti zinayamba kuwerengeka.

"Achimwene, idyani pang'ono," ndinawachonderera tsiku lina.

"Kuti ndipeze mphamvu zochitira chiyani?" anayankha osatembenuka. "Zolukira mkeka?"

"Kuti mukhale ndi moyo."

"Ukanandisiya muja, iwe. Muja ndiye ndinali kwathu."

Ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa nkhokwe, ndili ndi mkwiyo woti ndikanaswa mtsuko. Ndinamwera madzi munthu ameneyu, anzanga onse andithawa chifukwa cha iye, ndiye akuti ndikanamusiya. Amayi anandipeza kumeneko. Anakhala pansi padothi, miyendo atatambasula, manja ali pamutu.

"Ndimutsekere, afa ndi njala," anatero. "Ndimutsegulire, afa ndi madzi. Ndichite chiyani ine? Bambo ake ndidzawauza kuti chiyani?"

Sindinawaonepo amayi atasowa mtengo wogwira ngati tsiku limenelo. Patsogolo pathu panali mbuzi yathu, itamangidwa pachikhomo, ikuzungulira kudya udzu mpaka pamene chingwe chinkalekeza. Ndinaiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Amayi," ndinatero, "bwanji tiwamange chingwe m'chiuno? Azisambira, ine nditagwira. Kudziwe kulibe munthu."

"Mwana wanga si mbuzi."

"Mbuziyo ikudya, amayi."

Anakana tsiku limenelo, anakananso mawa lake. Koma achimwene atalephera kuimirira okha popita kuseri, amayi anatenga nkhwangwa n'kundiuza kuti ndiwatsate. Tinakasenda luzi la mlambe, tinaliviika, tinalipota pantchafu mpaka khungu linasupuka. Chingwe chitatha, amayi anapita nacho okha kudziwe. Anachiyeza kuchokera pamizu ya mkuyu mpaka pamene madzi amayambira kuda, n'kudula pomwepo. Chotsalacho anachiponya pamoto kuti wina asadzaganize zolumikiza.

Nditawaonetsa achimwene chingwecho anachiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti andiponyera kumaso. M'malo mwake anafunsa ngati phala latsalako.

Masabata amene anatsatira ndi amene ndimawakumbuka ndikamafuna kuwaona achimwene ali amoyo. Tinkapita masana dzuwa lili paliwombo, nyenje zikulira m'mitengo. Iwo ankalowa ndi kabudula, chingwe chili m'chiuno. Mbali inayo ndinkaimanga m'chiuno mwanga, n'kukhala pamwala, mapazi nditapondetsa pamuzu. Dziwe lonse lija, limene anyamata ankalimbirana, linali la munthu mmodzi. Ankatsetsereka pamwala, ankasambira chagada akulavulira madzi m'mwamba, ankandithira madzi dala kuti ndiwakalipire. Nthawi zina amayi a kumabango aja ankatulukira kutsidya, n'kukhala pamthunzi kutiyang'ana. Tinkapatsana moni mofuula, madzi ali pakati.

Ine sindinkasangalala ngakhale pang'ono. Maso anga sankachoka pamsana pawo. Akangokhala phee pang'ono, manja anga ankathamangira kuchingwe. Ndipo tsiku lina zinachitikadi. Anali pakati pa kuseka, kenako mutu unagwera m'madzi n'kuyamba kugwedezeka. Ndinakoka chingwe ndi manja onse awiri, chikundidula m'zikhatho, ndikukuwa ngakhale kunalibe wondimva, mpaka mutu wawo unafika pamiyendo panga. Madzi sanamwe ambiri. Titafika kunyumba amayi anaona manja anga ali magazi. Anawadzoza mafuta a nsatsi, ndipo mawa lake chingwe tinachipeza pamalo pake, chitakulungidwa bwino.

Chinthu chimodzi chokha tinkakanganirana. Dzuwa likakhala pamutu, madzi ali mbee, nsangalabwi ija inkaoneka pansi penipeni, kadontho koyera. Achimwene ankasambira mpaka chingwe kuti kwee, n'kuima pamenepo akupalasa madzi, maso ali pansi.

"Tamasulako kumbali yakoyo," ankandinyengerera. "Ungogwira kunsonga. Ndingoitenga basi, sindichedwa."

"Ayi."

"Ndine mkulu wako, iwe."

"Ndinu aakulu, koma chingwe chili ndi ine."

Ankanditchula mayina a nyama zonse za m'phiri, koma sindinamasule.

Kenako mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri. Achimwene ankaiyang'ana tsiku ndi tsiku. Anthu onse m'mudzi ankapempherera mvula, mbewu zili m'manja, koma ine ndi achimwene tinkaiopa, poti ikatsuka dziwe amuna abwererako. Inagwa kumtunda koyamba. Mtsinje unabwera wofiira, ukukokolola zitsa ndi nsungwi, ukulira usana wonse. Madzi atayera, amuna anati dziwe latsukika. Amalume anabwera kudzauza amayi kuti mnyamatayu asadzapondenso kumeneko, anthu avutika mokwanira.

Achimwene anati tipitebe. Anamanga chingwe m'chiuno tikadali pakhomo, ine nditanyamula chotsalacho pamkono. Tisanafike tinamva phokoso la anyamata, mluzu ndi chubwi wa pamwala uja. Tinaima patali, pamalo oimira, ndipo ndinafuula monga mwa lamulo.

"Kumadziko!"

Phokoso linaleka. Wina anasuzumira m'nsungwi n'kubwerera.

"Dikirani!"

Tinadikira. Phokoso linayambiranso. Mthunzi wa mtengo umene tinaimapo unasuntha n'kutisiya padzuwa. Ndinafuulanso, ndipo anayankha chimodzimodzi, ena akuseka. Ndinkafuna kungotulukira ngati tsiku lija, ndiwaonenso maliseche awo ndi kuwauza zimene zinali kukhosi kwanga. Achimwene anandigwira dzanja. Anamasula mfundo ya m'chiuno mwawo pang'onopang'ono, anakulunga chingwecho mwaudongo n'kundipatsa.

"Tiye kunyumba," anatero. "Ichi ukamangire mbuzi."

Sanasiyenso kudya, ndipo amayi sanamangenso chitseko, chifukwa panalibenso chifukwa. Achimwene sanalowenso mumtsinje. Anabwerera kubeseni lawo m'bafa la udzu kuseri kwa nyumba, madzi osafika ngakhale m'kakolo. Koma wakhunyu amatha kumira ngakhale m'beseni, ndiye akamasamba wina ankayenera kuima kunja kwa mpanda n'kumamvetsera. Kawirikawiri ndinali ine. Madzi akasiya kumveka ndinkaitana, iwo n'kuyankha kuti alipo, ndipo ndinkapuma.

Tsiku lina, patapita zaka zingapo, m'bafamo munati zii. Ndinaitana, osayankha. Ndinaitananso, dzanja lili kale pampanda. Ndiye ndinamva madzi akukhavuka ndi munthu akukoka mpweya mwamphamvu.

"Mukuchita chiyani, achimwene?" ndinakalipa. "Mukufuna mundiphe ndi mtima?"

"Ndimangoyesa ngati mpweya ndikadali nawo," anayankha. Anali ataviika nkhope m'beseni. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Kodi alipo amene anaitenga?"

Ndinadziwa kuti ankanena nsangalabwi ija. Ana a m'mudzi ankaikambabe, chilimwe chilichonse ankayesa kuibirira.

"Palibe," ndinatero. "Ikadali pomwe paja. Onse amavuuka chimanjamanja."

Ndinawamva akuseka pang'ono kuseri kwa udzuwo. Kenako anatunga madzi otsalawo ndi chikho chawo chija n'kudzithira pamutu.